Miyezi yoyamba ndi mwana amene mwamutenga kudziko lina

Usiku woyamba titafika naye kunyumba, mwana wathu sanalire. Anali ndi zaka ziwiri ndi miyezi inayi. Ndinamugoneka pakabedi kamene tinamukonzera kalekale, iye n'kugona chagada, maso ali tong'o kudenga, chala chachikulu chili m'kamwa, dzanja linalo likusisita khutu. Kenako anayamba kupukusa mutu uku ndi uku, mwamphamvu, mpaka tulo tinamutenga. Abale amene anaimba foni m'mawa mwake anati tapeza mwana wofatsa, ndipo inenso ndinavomereza. Panapita milungu ndisanazindikire kuti mwanayo anali ataphunzira kalekale kuti ukalira palibe amene amabwera, choncho anasiya kulira n'kuyamba kudzitonthoza yekha.

Ndikulembera inu amene mwangofika kumene ndi mwana wamng'ono wochokera kudziko lina, ndi inu amene mukudikirabe kuti khoti limalize za mapepala. Inu mwakhala mukumuganizira mwanayu kwa zaka, chithunzi chake mwachiyang'ana mpaka kuchiloweza. Iye sanakudikireni. Tsiku limene munamunyamula anataya nkhope zonse zimene ankazidziwa, fungo la bedi lake, chilankhulo chake ndi anzake amene ankagona pafupi naye. Ngati anakulira kumalo osungirako ana amasiye, kumene omusamalira amasinthana m'mawa ndi madzulo, mwina sadziwa n'komwe kuti pali chinthu chotchedwa mayi kapena bambo, munthu mmodzi amene sasintha. Ntchito yanu ya miyezi yoyambayi ndi kumuphunzitsa chimenecho, ndipo chimaphunzitsidwa ndi manja, mobwerezabwereza.

Chepetsani dziko lake

Ichi ndiye chovuta kwambiri, chifukwa chimakhudza anthu amene mumawakonda. Agogo ake adikira limodzi nanu, azakhali agula tizovala, anzanu akufuna kudzamuona. Tonse tinakula tikumva kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mawu amenewa ndimawakhulupirira. Koma mwana uyu wakhala wa aliyense moyo wake wonse, ndipo chimene akusowa tsopano ndi kukhala wa anthu awiri kapena mmodzi.

Ndinaziona ndi maso pa sabata yachiwiri. Kunabwera munthu wodzakonza mpope wa madzi, mlendo weniweni. Mwana wathu anathamanga, n'kumugwira mwendo, n'kukweza manja kuti amunyamule. Pamene munthuyo ankachoka, mwanayo anamutsatira mpaka pakhomo osacheuka. Mtima unandiwawa, koma mantha ndi amene anakula: akanatha kupita ndi wina aliyense. Akatswiri amalidziwa bwino khalidwe limeneli. Ulamuliro wa Nicolae Ceaușescu utagwa ku Romania mu 1989, ana ambiri a m'malo osungirako ana anatengedwa ndi mabanja akunja. Katswiri wa maganizo a ana Michael Rutter ndi anzake anatsatira ana 165 amene anapita ku UK kwa zaka zambiri, ndipo anapeza kuti amene anachoka m'malo amenewo asanakwane miyezi 6 anakula pafupifupi ngati ana ena onse, pamene amene anakhalitsamo ndi amene ankaonetsa kwambiri khalidwe lokonda mlendo aliyense mosasankha ndiponso kulephera kukhazikika pa chinthu chimodzi. Alendo amasangalala nalo khalidweli, amati mwanayo ndi womasuka. Inu muzidziwa chimene chili pansi pake.

Ife tinachita chonchi. Kwa miyezi iwiri yoyamba, womudyetsa, womusambitsa, womuveka, womunyamula ndi womutonthoza anali ine kapena bambo ake basi. Abale ankabwera mmodzimmodzi, kwa kanthawi kochepa. Tinawapempha kuti mwanayo akawakwezera manja, azimumwetulira n'kumulozera kwa ine, n'kunena kuti, "Pita kwa amayi ako, ndi amene amakunyamula." Ngakhale kapu ya madzi inkadutsa m'dzanja langa. Apongozi anga anakhumudwa, ndipo sindikuwadzudzula. Ndinakhala nawo pansi n'kuwauza kuti, "Amayi, mdzukulu wanuyu sadziwa kuti mayi ndi ndani. Akadziwa amayi ake, adzadziwanso agogo ake. Tithandizeni kudikira." Anandimvetsa, ndipo anapeza njira ina yothandizira: ankachapa, kuphika ndi kutigulira zofunika kuti ine ndikhale pansi ndi mwana. Muwauze abale zimenezi mwana asanafike, chifukwa kukana munthu atatambasula kale manja n'kowawa mbali zonse.

Chepetsaninso zinthu. Chipinda chodzaza zidole, wailesi ya kanema yolira tsiku lonse, masitolo akuluakulu, maphwando omulandira, zonsezi zimamuchulukira mwana amene moyo wake unali wa zipinda ziwiri. Zidole zitatu kapena zinayi n'zokwanira. Tsiku liziyenda mofanana: kudzuka, kudya, kusewera, kugona masana, kusamba, nthawi zomwezomwezo. Ngati munafunsa dongosolo la tsiku la kumene anali, litsatireni poyamba, n'kumalisintha pang'onopang'ono. Kumbukiraninso kuti ngati mwaoloka mayiko amene nthawi yake ndi yosiyana ndi yanu, thupi lake likuyenderabe dzuwa la kwawo, ndipo patenga masiku angapo kuti lizolowere.

Akaitana, yankhani

Anthu adzakuuzani kuti mukumulera mosasatitsa. Adzati musiyeni alire, aphunzire kugona yekha. Malangizo amenewo, ngati ali ndi malo, ndi a mwana amene wakhala akuyankhidwa chibadwire. Wanuyu kugona yekha anakuphunzira kale mopitirira muyeso.

Ife tinachotsa kabedi kake m'chipinda chimene tinamukonzera n'kukaika pambali pa bedi lathu. Akayamba kupukusa mutu sindinkamuletsa, chifukwa imeneyo ndi njira yokhayo imene ankaidziwa yopezera tulo. Ndinkangoika dzanja pamsana pake n'kumang'ung'udza kanyimbo kamodzi komweko usiku uliwonse. Masiku oyamba ankalikankha dzanjalo. Ndinkalichotsa, n'kukhala pomwepo osachoka. Patapita mwina milungu itatu analisiya, ndipo usiku wina analigwira chala n'kugona. Kupukusa mutu kunachepa kokha. Mwana amene amadziomba mutu kukhoma mumutchingire ndi chinthu chofewa, ndipo mukamuuze dokotala.

Kenako kulira kunabwera, ndipo kunabwera konse pamodzi. Mwezi wachiwiri ankadzuka kanayi kapena kasanu usiku akukuwa, thupi lili gwa, osalola kugwidwa. Ndinkakhala pansi pambali pake, kuwala kuli kochepa, n'kumabwereza mawu omwewo: "Amayi ali pano." Musaganize kuti zinthu zaipa zikafika pamenepa. Milungu yoyamba ana ambiri amakhala ngati alendo, omvera ndi ochenjera, ndipo akayamba kumva kuti pano sathamangitsidwa ndi pamene chisoni ndi mkwiyo zimatuluka. Mwana wa zaka ziwiri alibe mawu onenera kuti akusowa mayi uja amene ankamusambitsa. Amanena ndi thupi.

Muziyang'ananso zimene sakunena. Wathu anagwa tsiku lina n'kusupuka bondo mpaka magazi, koma anadzuka n'kupitiriza kuyenda ngati palibe chachitika. Kuyambira pamenepo, akagwa ngakhale pang'ono ndinkathamanga, kumunyamula, kupepesa ndi kupsompsona pamene wavulalapo, kuti adziwe kuti ululu uli ndi kopita nawo. Pomusambitsa ndinkamuyang'ana thupi lonse, chifukwa sakanandiuza. Mwezi wachisanu anadzimenya chala pachitseko, n'kudutsa azakhali ake amene anali pafupi, kudzandipeza kukhitchini akulira atakweza chalacho.

Ndinkamubereka kumsana ngakhale anali woyenda kale, ndiponso kumupatsa mkaka wa m'botolo ali pamiyendo panga, ine nditagwira botolo, tikuyang'anana. Ena ankaseka kuti mwana wamkulu chonchi. Koma mwana wotere ali ndi mitundu iwiri ya zaka zowerengera: za kubadwa, ndi za m'banja mwanu. Pa zaka za m'banja, wathu anali khanda la miyezi iwiri. Akabwerera m'mbuyo, n'kuyamba kukodza pabedi kapena kufuna kudyetsedwa pomwe ankadya yekha, mulekeni atenge zimene zinamudutsa.

Bambo ake anakumana ndi zowawa zawo. Kumene mwanayo anali, omusamalira onse anali amayi, ndipo mawu aakulu a mwamuna ankamuopsa. Kwa mwezi wathunthu ankabisala bambo akalowa. Iwo sanamukakamize. Ankakhala pansi, chapatali, n'kumagubuduza mpira kupita kwa iye osalankhula zambiri. Tsiku limene mpirawo unabwerera, bambowo anatuluka panja kukapukuta misozi. M'mabanja ena wokanidwa ndi mayi, chifukwa mwanayo amaona ngati ndi amene wamulanda kwa womulera wake. Ngati wokanidwayo ndinu, musachoke pamaso pake, ndipo muzitenga ntchito zokoma, monga kumupatsa chakudya ndi kusewera naye m'madzi.

Chakudya

Ndinapeza zidutswa za buledi pansi pa pilo, m'nsapato, ngakhale m'masaya mwake patapita ola chidyereni. Ankadya mpaka kusanza, ndipo ndikachotsa mbale ankakuwa ngati ndamumenya. Musamulande zimene wabisa, ndipo musamuchititse manyazi. Ine ndinamupatsa kabokosi kake, momwe nthawi zonse munkakhala kanthu kodya, ndipo ankayenda nako paliponse. Tinkadya pang'onopang'ono koma kawirikawiri, maola awiri kapena atatu aliwonse, ndipo pomaliza ndinkamuonetsa chakudya chotsala n'kunena kuti, "Chilipo, tidyanso." Patapita miyezi itatu anayamba kukaiwala kabokosi kaja pampando.

Ana ena amachita zosiyana. Amakana chilichonse cholimba chifukwa anazolowera zamadzimadzi ndipo sanaphunzire kutafuna. Yambani ndi zimene ankadya kwawo, ngakhale inu simuzikonda, n'kumawonjezera chatsopano chimodzi pambali. Chakudya chisakhale chilango kapena mphotho.

Kwa dokotala

Pitani m'milungu iwiri yoyamba, ngakhale mwanayo akuoneka wathanzi, ndipo mutenge mapepala onse a chipatala amene munapatsidwa. Madokotala amene amaona ana otengedwa kunja amayeza magazi kuti aone kuchepa kwa magazi, HIV, chindoko ndi matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C. Amayezanso chifuwa chachikulu, ndiponso chimbudzi pofufuza njoka za m'mimba ndi tizilombo ta giardia, timene timafala msanga kumene ana ambiri amakhala pamodzi ndipo tingathe kufika kwa banja lonse. Zoyeza zina, makamaka za chifuwa chachikulu, amazibwereza patapita miyezi ingapo. Khadi la katemera dokotala aliunike bwino, ndipo ngati likukayikitsa angayeze magazi kapena kubwereza katemera wina. Mphere ndi chipere n'zofala ndipo zimachizika.

Limbikirani kuti amuyeze makutu ndi maso. Wathu tinkamuyesa wosamvera, kenako zinadziwika kuti m'khutu limodzi munali madzi otsalira ku matenda amene sanachizidwe bwino.

Sikelo isakuopseni. Madokotala a za ana otere amawerengera kuti pa miyezi itatu iliyonse imene mwana wakhala kumalo osungirako ana, amatsalira pafupifupi mwezi umodzi pa kutalika, ndipo ambiri amathamangira kukula akangofika pabanja. Kafukufuku amene anayamba ku Bucharest, likulu la Romania, mu 2000, wa ana 136, anaonetsa kuti amene anachotsedwa m'malo amenewo n'kupatsidwa mabanja anapita patsogolo pa nzeru ndi pa kukondana ndi owalera kuposa amene anatsala, makamaka ngati anasamutsidwa asanakwane zaka ziwiri. Wathu anali atadutsa zaka ziwirizo, ndipo nditamva zimenezi ndinasowa tulo. Koma malire amenewo si chitseko chotsekedwa, ndipo ndamuona akusintha mwezi ndi mwezi. Chofunika ndi kumuyerekeza ndi mmene analili mwezi watha, osati ndi mwana wa mnzanu. Ngati miyezi ikupita popanda kusuntha kulikonse, kapena akutaya zimene ankatha kuchita, musadikire, funsani katswiri wa kakulidwe ka ana.

Mawu ake, dzina lake

Musanachoke kwawo, pemphani omusamalira akuphunzitseni mawu ochepa monga mmene iwo amamuuzira: idya, madzi, gona, kuchimbudzi, zikupweteka, bwera, usaope. Muwajambule pafoni, chifukwa katchulidwe ka m'buku kamasiyana ndi kamene khutu la mwana linazolowera. Mawu ochepa amenewo anatipulumutsa masiku oyamba. Tinawonjezera zizindikiro za manja za "zina" ndi "basi", ndipo kukuwa kunachepa.

Chilankhulo chakale chimachoka msanga, m'miyezi yochepa, nthawi zambiri chatsopano chisanakhazikike. Pakatipo mwana amakhala wopanda mawu okwanira mbali zonse, ndipo ukali wambiri umachokera pamenepo. Lankhulani naye mawu afupiafupi, mukutchula chimene mukuchita: tikusamba, nayi sopo, madzi ndi ofunda. Chakalecho sichifafanizika konse. Mu 2014 akatswiri a ku McGill University ku Canada anaunika ubongo wa atsikana amene anatengedwa ku China ali makanda n'kukulira m'mabanja olankhula Chifalansa. Chitchaina chimasiyanitsa mawu pokweza kapena kutsitsa liwu, monga mmene ife timasiyanitsira mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu. Atsikanawo sankakumbukira liwu ndi limodzi lomwe, koma ubongo wawo unkamva kusiyana kumeneko mofanana ndi wa anthu olankhula Chitchaina. Ine zimenezi zinandilimbikitsa kusunga nyimbo za kwawo m'nyumba mwathu.

Dzina lake tinalisunga. Pa zonse zimene anali nazo, ndi lokhalo limene anaoloka nalo lathunthu. Ngati mukufuna kumupatsa lina, muziwatchulira limodzi kwa nthawi yaitali, ndipo lakalelo likhalebe m'mapepala. Zovala zimene anavala tsiku lomutenga musazichape msanga. Wathu anagona ndi kajuzi kake kakale pamphuno kwa milungu isanu ndi umodzi.

Akalakwa

Adzamenya, adzaluma, adzataya mbale. Musamumenye, ndipo musamutsekere m'chipinda yekha kuti aganize, pakuti kusiyidwa yekha ndi chimene amachiopa kuposa zonse. Mawu akuti "ndikusiya" kapena "ndikubweza kwanu" asatuluke pakamwa pa munthu aliyense m'nyumbamo, ngakhale mocheza. Ine ndimagwada kuti maso athu afanane, ndimagwira manja ake mofatsa n'kunena kuti, "Kuluma ayi. Wakwiya. Khala ndi amayi." Timakhala limodzi mpaka thupi litafewa, kenako timabwereza chinthucho mmene chiyenera kuchitikira: apemphe chidolecho ndi dzanja, ndimupatse. Malamulo alipo ndipo sasintha, chifukwa mwana amene sadziwa malire amakhalanso ndi mantha. Kawirikawiri ndikafufuza ndimapeza kuti pansi pa ukaliwo pali njala, tulo kapena phokoso lochuluka.

Mukamachoka, ngakhale kwa mphindi khumi, musazembe. Tsanzikani, nenani kuti mubwera, ndipo mukabwera munene kuti, "Ndabwera, monga ndinanenera." Ngati ntchito ikulola, chedwetsani zomupititsa kosungira ana masana. Chipinda chodzaza ana ndi omusamalira osinthana chingamukumbutse kumene anachokera.

Za inu mwini

Pali chinthu chimene ndinachibisa kwa miyezi itatu. Sindinkamva chikondi chimene ndinkayembekezera. Ndinkachita zonse zofunika, koma mumtima ndinkamva ngati ndikusamalira mwana wa munthu wina amene abwera kudzamutenga. Ndinkalira m'bafa, ndipo ndinkachita manyazi chifukwa ndinamupempherera mwanayu kwa zaka. Nditauza mayi wina amene anadutsamo kale, anandigwira dzanja n'kunena kuti iyenso zinamuchitikira. Matenda a maganizo amene amagwira amayi ena akangobereka amagwiranso makolo otenga ana, abambo omwe. Ngati kukhumudwa kwapitirira milungu iwiri, simukudya, simukugona ngakhale mwana atagona, kapena mukuopa kuti mungamupweteke, kaonaneni ndi dokotala lero. Gawanani usiku ndi mnzanu. Pitirizani kumusambitsa ndi kumudyetsa mwanayo ngakhale mtima uli zii. Kwa ine chikondi chinabwera m'mbuyo mwa ntchito, ndipo sindingathe kuloza tsiku limene chinafika.

Mapepala musawaiwale chifukwa cha kutopa. Ngati mayiko onse awiri ali m'pangano la ku Hague la 1993, lokhudza kutenga ana kuchokera kudziko lina, pamakhala chikalata chotsimikiza kuti zonse zinayenda motsatira panganolo. Chisungeni pamodzi ndi chigamulo cha khoti, chikalata cha kubadwa ndi pasipoti yake yakale, ndipo mukhale ndi makope kwina. Fufuzani ngati mwanayo wakhala kale nzika ya dziko lanu kapena pali chofunika kulembetsa, chifukwa malamulo amasiyana ndipo pali anthu amene anazindikira atakula kuti makolo awo sanamalize zimenezi. Mayiko ambiri amafuna malipoti a mmene mwana akukhalira. Tumizani pa nthawi yake, ndi zithunzi, pakuti kumeneko kuli anthu amene anamunyamula inu musanafike.

Mbiri yake ndi yake. Anthu adzafunsa pamaso pake kuti makolo ake enieni ali kuti, anamutaya bwanji. Ine ndimayankha kuti zimenezo adzanena yekha akadzakula, ngati adzafune. Akanena kuti ndi mwana wamwayi, ndimati amwayi ndife, chifukwa sindifuna kuti akule akumva kuti ali nafe ngongole. Pangano la United Nations la ufulu wa ana, la 1989, limanena kuti mwana ali ndi ufulu wosunga dzina lake, unzika wake ndi ubale wake, ndipo woyamba kulemekeza zimenezi ndi inu m'nyumba mwanu. Ngati khungu lake ndi losiyana ndi lanu, phunzirani kusamalira tsitsi ndi khungu lakelo kwa anthu amene amafanana naye, ndipo anthu oterowo akhale pakati pa anzanu.

Iyeyo muziyamba kumuuza tsopano, asanamvetse, kuti pakamwa panu pazolowere ndiponso kuti pasadzakhale tsiku lomuululira. Ndinamupangira kabuku ka zithunzi: nyumba imene ankakhala, bedi lake, mayi amene ankamusamalira, ife tsiku loyamba kumuona. Tsamba loyamba lilibe chithunzi. Pamenepo ndimamuuza kuti anakula m'mimba mwa amayi ake omubereka, amene sanathe kumulera, ndipo kuti silinali vuto lake. Sindiwonjezera zokometsera zimene sizinachitike. Poyamba ankatseka bukulo tikafika pa chithunzi cha womusamalira uja, ndipo ndinkamulola. Masiku ano amachiloza, amatchula dzina lake, nthawi zina amachipsompsona. Kenako amatsegula tsamba la ndege, n'kuika mutu pachifuwa panga, ndipo kawirikawiri tulo timamupezera pomwepo tisanafike pa tsamba la nyumba yathu.